Edina Alankhule pa Chiliza Chake

Lolemba

Amake Edina, pamwamba lembani Lolemba. Musathamange. Musachotsepo, musaonjezere. Ine ndikunena, inu mukulemba, chifukwa sukulu yanga inathera mu Sitandade 2 ndipo maso ayamba kuchita nkhungu. Koma mutu uli bwinobwino. Zimenezonso lembani.

Loweruka likubwerali tikuvundukula chiliza cha mwana wathu Edina. Chaka chakwana chimuikireni m'manda. Mzime wathu, wamkazi mmodzi yekhayo.

Malata a nyumba ino ndi ake. Sola ndi yake. Magalasi ndavalawa ndi ake. Koma pamaliro pake ndinamva ndi makutu angawa, amayi ena akunong'ona kuseri kwa tenti: "Mtsikana wopanda mwamuna, ku Blantyre, malata ankawatenga kuti?" Ndinakhala chete chifukwa linali tsiku lolira. Ndakhala chete chaka chonse. Loweruka ndiyankha!

Anthuwa ndinawauza kalekale kumene mwana wanga amagwira ntchito. Ndinakafikako ndekha. Kachipinda kotseka, kopanda zenera, matiresi m'makoma monse, ndipo akalowamo palibe wololedwa kugogoda. Ndinafotokoza bwinobwino pamsika, ndi manja omwe. M'malo molemekeza, anangoyang'anana. Anthu a kuno!

Ntchito yake inali kuwerenga mabuku mokweza. Wina alemba buku kunja uko, iye aliwerenga, makina ajambula mawu, anthu agula n'kumamvetsera. Tsiku lija anandiveka zinthu za m'makutu kuti ndiyese. Ndinanena dzina langa, makina n'kundibwezera. Mawu ngati a chule! Iye kuseka mpaka kugwira khoma.

Atatha maliro, mnzake wa kuntchito, Rozi, anabwera ndi kawailesi ndi kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo. Akuti: "Ababa, ili ndi buku lomaliza limene anawerenga Edina." Madzulo alionse ndikatsekera mbuzi ndimatsegula. Chizungu chokhachokha. Sindimvapo kanthu, koma Chizungu chabwino chili ngati mpunga wa faya, umadziwa ndi fungo usanalawe. Sapunthwa. Sakhosomola. Mwana wobadwira kuseri kwa nthochi izi!

Pulani yanga nayi:

- Kubwereka sipika yaikulu kwa Jamu wa ku Naisi, ija ya m'maukwati.
- Kupempha aphunzitsi opuma a Chikopa, amene amamasulira alaliki achilendo kutchalitchi. Edina akanena chiganizo, iwo azinena m'Chichewa.
- Kwaya ikamaliza, nsalu ikachoka pa chiliza, Edina alankhule yekha, mudzi wonse umve ntchito imene inagula malata.
- Ine kukhala kutsogolo, jekete la bulauni, osanena kanthu. Kungowayang'ana.

Chotsala ndi alamu anga a Makwinja, achimwene a amene akulembawa. Ndiwo eni mbumba, ndiye ndondomeko ya mwambo ili m'manja mwawo. Ine pano ndine mkamwini. Mango amene ndinadzala pobwera, lero munthu sangawakumbatire thunthu, koma ndikadali mlendo. Ndiwauza Lachinayi, zinthu zitapsa kale.

Amake Edina akuti ndiwauze lero. Zimenezo musalembe. Chabwino, lembani, koma mulembenso kuti ndakana.

Lachiwiri

Kutentha! Phiri la Zomba silikuoneka n'komwe, utsi wokhawokha.

A Chikopa afika m'mawa, tayi pakhosi, dikishonale m'khwapa. Takhala pansi pa mango, kawailesi pampando pakepake. Iwo pomasulira sakhala pansi. Aimirira, dzanja lina kumbuyo, ngati kutchalitchi. Ine ntchito yanga ndi batani: kuimitsa, kuyambitsa.

Chiyambi chokoma zedi. Edina anena, ine ndidina, a Chikopa akuti: "Kunali mayi wina wachitsikana, wosoka zovala, wamasiye." Ndidina. "Tsiku lina analandira uthenga kuti wasankhidwa kupita kusukulu." Ndidina. "Sukuluyo inali pamwamba pa phiri, ya miyala, ya zipata zazitali."

Sukulu! Ndawomba m'manja. Buku la sukulu! Amayi a pamaliro aja adzalowa pati?

Tapitiriza. A Chikopa ayamba kukanda m'mutu. Akuti ndibweze. Ndabweza. Atsegula dikishonale, atseka. Avula magalasi, apukuta, avalanso.

Akuti: "Achimwene, sukuluyi si ya boma."

Ndikuti ngakhale ya mishoni ndi yabwino.

Akuti: "Si ya mishoninso. Ndi ya afiti."

Lembani kuti sindinagwe pampando.

Zimene amaphunzira kumeneko, malinga ndi a Chikopa:

- kusunga moto m'chikhatho osapsa
- kulankhula ndi akhwangwala
- kuuluka, koma pa tsache. Pa tsache! Malichero kulibe kwawoko? Munthu angakhale bwanji pa tsache mpaka kukafika?
- kuitana mvula. Awa ndiwo mayeso a chaka chomaliza.

Za mvulazo ndafunsa kawiri. Chaka chatha mpunga wanga unauma usanabereke. Sukulu yophunzitsa kuitana mvula, ine choipa chenicheni sindikuchiona. Izi sindinanene mokweza.

A Chikopa akuti nkhani ya ufiti, kumanda, pamaso pa akulu a mpingo, sizingatheke. Ndawafunsa: uja amawerenga mauthenga a maliro pa wailesi, ndiye wapha anthuwo? Wowerenga ndi wowerenga basi. Agwedeza mutu. Akuti: "Mfundo yanu ndi yomveka, koma kuno mfundo imayenda wapansi, mphekesera imakwera kabaza."

Tagwirizana chinthu chimodzi. Buku ndi lalitali, silingakhale ufiti lonse. Mawa tifufuza pakati, tipeze malo oyera, mwina pamene akudya kapena kupemphera. Ngakhale afiti amakhala ndi nthawi yopuma.

Jekete ndalitulutsa m'sutikesi. Njenjete zalawa pang'ono pamkono. Ndidzapinda mkono umenewo.

Madzulo ndatsegula ndekha monga mwa masiku onse. Ndimayembekeza kuti mawu asintha, poti tsopano ndadziwa. Ayi, ndi omwe aja. Ankawerenga choncho ali mu Sitandade 4, atakhala pa mtondo wogoneka, nyuzipepala yokulungira matemba m'manja, ine ndikusoka mphasa. Akafika pomwe pepala lang'ambika, ankapeka yekha mathero ake.

Lachitatu

Pakhomo padzaza. Amayi a kumpingo afika kudzaphika thobwa la Loweruka, wotsogolera amayi a Kapito, aja oyambitsa nyimbo. Migolo iwiri pamoto. Ine ndi a Chikopa tasamukira kuseri kwa nkhokwe kuti tigwire ntchito mwaulemu.

Ndadina batani lothamangitsa, ndaligwira nthawi yaitali kuti tidumphe afiti onse. Ndasiya. Edina akulankhula pang'onopang'ono, mawu otsika, ofatsa. Ndikuti basi, pemphero lija ndi limeneli!

A Chikopa aimirira, dzanja kumbuyo.

"Mvula inali kugwa. Mayiyo anagogoda pachitseko cha mphunzitsi wa za moto."

Bwino.

"Mwamunayo anatsegula. Maso ake anali obiriwira."

Matenda, mwina.

"Anati, wanyowa, vula jekete."

Ulemu umenewo.

"Anavula jekete."

Ndidina.

"Anavulanso china."

Ndidina. A Chikopa chete. Ndidinanso. Chete. Thukuta kuyenderera mpaka pa tayi. Ndikuti aphunzitsi, tatsalira, mwanayu akupita. Akuti: "Apa palibe chomasulira, achimwene. Akungopuma."

Zoona, akupuma. Kupumako ndakuzindikira. Ankapuma choncho akamakwera chitunda chochokera kumtsinje, ndowa pamutu. Ndanena zimenezi, a Chikopa ayang'ana kumwamba ngati akufuna mitambo.

Amake Edina, bolopeni yaima chifukwa chiyani? Lembani. Ana tinabereka ife sanagwe kumwamba.

Koma choopsa si chimenecho. Titembenuka, amayi aima pakona pa nkhokwe, mithiko m'manja. Chizungu sakumva, koma makutu ali nawo. M'kawailesi mwatuluka mawu a mwamuna, okhuthala ngati besi ya kwaya. Amayi a Kapito akuti: "Bamboyo ndi ndani?" Ine monyadira: ndi Edina yemweyo! Ndathamangitsa pang'ono kuti amve zina. Mawu a nkhalamba yopanda mano. "Nanga agogowo?" Edina yemweyo! Kenako khwangwala wolankhula. Sanafunsenso.

Ndawafotokozera kuti ndi luso. Ali wamng'ono ankatsanzira aliyense: abusa, wogulitsa nsomba, amalume ake akakwiya. Ndikuti ankatsanziranso inu amene, amayi a Kapito, mmene mumayambitsira nyimbo pamwamba kwambiri, ife kuseka mpaka misozi. Izi mwina sindikadanena.

Akuti: "Thupi limodzi, anthu ambirimbiri m'katimo. Ambuye tichitireni chifundo."

Amanga zitenje, apita. Thobwa latsala pamoto. Mgolo umodzi wapserera. Winawo amake Edina atakasa okha mpaka dzuwa kupendeka, osandiyankhula.

A Chikopa achoka osamwa tiyi, dikishonale aiwala pampando. Akuti mawa ali ndi ulendo wa ku Liwonde. Mkuja nawonso. Loweruka sakudziwa.

Womasulira: palibe. Thobwa: theka. Malo oyera: sanapezeke.

Lachinayi

Nkhani yafika pamjigo dzuwa lisanatuluke. Pofika masana yakafika ku Naisi, yabwerako itanenepa.

Zimene ndamva lero ndili pakhomo panga pomwe:

- kuti Edina anali ndi sukulu ya afiti ku Blantyre
- kuti wamkulu wake anali iyeyo
- kuti m'kawailesi muli mizimu ya anthu amene anawatenga
- kuti ine madzulo alionse ndimalandira malangizo
- kuti za malata zija tsopano zamveka

Lolemba mwana wanga anali ndi dzina limodzi loipa. Lero ali ndi awiri.

Ana a kwa aneba amene amabwera kudzatola mango, lero sanabwere. Mango akugwa okha. Mbuzi zokha zakondwa.

Alamu a Makwinja sanadikire kuti ndiwauze. Afika panjinga, fumbi kumbuyo. Moni apereka kwa mlongo wawo yekha. Amake Edina, ndi achimwene anu, koma lembani momwe ananenera, musathire shuga.

Akuti: "Alamu, inu kuno munabwera ndi kasutikesi ndi khasu. Mwanayu ndi wa mbumba yanga. Manda ndi athu."

Ndikuti khasu lomwelo ndi limene linamulipirira sukulu.

Akuti: "Masiku ano nkhalamba zikuthamangitsidwa m'midzi chifukwa cha nkhani zazing'ono kuposa iyi. Inu muli ndi kwanu kothawira. Mlongo wangayu kwawo ndi kuno. Mukufuna amuotchere nyumba?"

Akwera njinga, apita.

Atachoka iwo kwabwera mkulu wa mpingo, munthu waulemu, chipewa m'manja. Akuti mpingo sukhulupirira mphekesera, ayi ndithu. Koma kawailesi kakalira kumanda, kwaya siibwera, pemphero silichitika. Tisankhe. Tamupatsa mango, wakana mwaulemu. Munthu amene chaka chatha ananyamula thumba lonse!

Ndakwera pachulu pomwe foni imagwira, ndamuimbira Rozi. Waseka kaye, kenako walira. Akuti: "Ababa, ndi nthano chabe, nthano ya chikondi. Azimayi kunjako amamvetsera akutsuka mbale, ena akuyendetsa galimoto." Akuti ofuna kuwerenga bukulo anali ambiri, eni ake anasankha Edina. Akuti chakumapeto ankajambula akudwala kale. Kumwa madzi otentha, kugona pansi pang'ono, kudzuka, kuyambiranso, mpaka anamaliza. Izi sindinkazidziwa. Pafoni ankangoti, "Ndili bwino, ababa, mbuzi zili bwanji?"

Ndamupempha Rozi abwere Loweruka adzanene zimenezi pamaso pa anthu. Akuti ali pantchito, sangaloledwe.

Ndatsika pachulu pang'onopang'ono.

Madzulo ndatseka chitseko, ndachepetsa mawu, ndamvetsera chakumapeto kwa buku. Ndimafuna pomwe akudwalapo. Ndabweza, ndabwezanso. Sindinapapeze. Sanalole kuti zimveke.

Lachisanu

Pulani yachepa. Buku lonse ayi. Chiganizo ndi chiganizo ayi. Ndikungofuna pachiyambi penipeni, pomwe amatchula dzina lake ndi la bambo ake, dzina langa ine. M'buku lonse ndi pokhapo pamene ndimamva. Mpweya umodzi, basi. Mfiti ili pati pamenepo?

Ndatumiza mawu kwa alamu. Yankho lawo: "Wakufa salankhula pa chiliza chake." Ndikuti kale kunalibe makhadi. Yankho lachiwiri silinabwere, abwera okha kudzayang'anira.

Zochitika pakhomo:

- amisiri amaliza kupaka penti chiliza
- mipando ya kutchalitchi yafika pangolo
- abale akutali ayamba kufika, moni wawo wa patali ngati ndili ndi chifuwa
- mbuzi yakuda yagwa, ndiwo ya mawa

Masana Jamu wafika ndi sipika pa kabaza, yaikulu ngati kabati. Kwaya idzaigwiritsa ntchito, ndiye alamu sanakane. Waimika patebulo, mawaya, batire. Akufuula: "Madala, tiyese mawu! Muli ndi khadi ya nyimbo? Yanga ndaiwala." Ine ndili kuseri, ndagwira mwendo wa mbuzi, ena akusenda. Sindinamuuze kanthu. Mulungu ndi mboni. Waona kawailesi pakhonde, wasolola khadi yekha, wadina paliponse.

Amake Edina, apa lembani pang'onopang'ono.

Mawu a mwana wanga atuluka. Adutsa nthochi. Adutsa madimba, awoloka mtsinje, akagunda phiri n'kubwerera. Anthu m'madimba aweramuka. Wanjinga pamsewu waima, phazi limodzi pansi. Nkhuku zabalalika. Ine ndasiya mwendo wa mbuzi, ndaimirira, manja ali magazi okhaokha. Chikhalire sindinamumvepo wamkulu chotero. Chigwa chonse cha Domasi, mwana wanga yekha akulankhula, wina aliyense chete. Zimene ndimafuna zija!

Kungoti anali malo aja a jekete.

Mwa malo onse a m'bukumo! Mwamuna wa maso obiriwira wanena zake. Kupuma kwayamba. Pa sipika ya ukwati kupuma kumamveka ngati mvukuto wa wosula makasu. Anyamata a sekondale okhala pamlatho, amene Chizungu amachimva, agwa pansi ndi kuseka. Jamu akufunafuna batani, wakweza m'malo motsitsa. Azakhali ena a ku Chingale agwada, ayamba kupemphera. Alamu athamanga, munthu wa msinkhu umene uja, adumpha mkeka, azula waya.

Chete wake!

Atenga khadi, aika m'thumba la malaya, amanga batani. Akuti ndidzaiona Lamulungu ngati ndikhale bwino. Ngati mwana wolandidwa legeni, pamaso pa alendo, pakhomo panga.

Jamu akuti: "Pepani madala, koma sipika ndiye ikugwira bwino."

Ndatsekera mbuzi zotsala. Ndakhala pakhonde, kawailesi pamiyendo, kopanda kanthu. Ndadina kangapo, chizolowezi. Amake Edina abwera, akhala pambali panga. Akuti: "Mawu aja anali ake ndithu." Chaka chonse ndikatsegula kawailesi amapeza chochita kuseri kwa nyumba. Lero analibe kothawira.

Mwaima bwanji? Pukutani maso, pepala linyowa. Tithere pomwepa.

Loweruka

Anthu! Sitinaitane onsewa. Ena sanabwere ngakhale pamaliro. Adzaza mpaka m'munda wa chinangwa. Abwera kudzaona ngati manda alankhule. Thobwa la mgolo umodzi latha kwaya isanayambe.

Ndavala jekete la bulauni, mkono wa njenjete ndapinda. Ndakhala kutsogolo. Kumanja kwanga mpando wopanda munthu, kumanzerenso, pomwe ena akhala padothi.

Kwaya yaimba bwino, ndisaname. Pemphero lalitali, lozungulira, lotchula mphamvu za mdima mobwerezabwereza osatchula mwini wake. Nsalu yachotsedwa. Chiliza choyera, zilembo zakuda. Sindikuziona bwino, koma ndikudziwa chomwe zikunena.

Kenako alamu aimirira kunena mbiri ya malemu. Atsokomola. Agwira thumba la malaya.

Akuti: "Pamveka zambiri sabata ino. Ine monga mwini mbumba ndiongole. Mwana wathuyu anali mphunzitsi. Ankaphunzitsa ana a kunja kudzera pa wailesi. Zimene munamva dzulo ndi phunziro lochenjeza atsikana za kuipa kwa ufiti ndi chiwerewere. Pochenjeza munthu za njoka, umayenera kumuonetsa mmene imayendera."

A Chikopa, aja a ku Liwonde, ali pamzere wachiwiri, akugwedeza mutu kuvomereza, ngati amene anayesa phunzirolo ndi iwo.

Kenako amayi a Kapito: "Ndimadziwa ine! Mwana anakulira m'manja mwathu ameneyu!" Nthungululu. M'manja. Kumanda! Wina kumbuyo akuti malata aja ndi a malipiro a uphunzitsi, nanga n'chiyani. Amene abwera kudzaona manda akulankhula akhumudwa pang'ono, koma nawonso awomba.

Alamu atembenukira kwa ine. "Abambo ake, muli ndi mawu oonjezera?"

Ndaimirira. Mawu ndili nawo. Kuti sanali mphunzitsi. Kuti anali wowerenga, ndipo eni buku anamusankha pakati pa ambiri. Kuti ankatha kukhala mwamuna, nkhalamba ndi khwangwala osameza malovu. Kuti anamaliza ntchito yake akudwala, palibe amene angaloze pomwe mawu ananjenjemera. Kuti nthano ya chikondi si tchimo. Onse ali pakamwa, ofola ngati ana a sukulu.

Ndayang'ana kwa amayi. Amake Edina ali pamkeka, anzawo awazungulira. Wina wawagwira phewa, wina akuwapukuta nkhope ndi chitenje chake. Chichokereni maliro palibe amene anakhala nawo pafupi chotero. Pamjigo amatunga okha, kutchalitchi benchi lawo limakhala ndi mpata. Lembani, ndimaona ine, ngakhale maso ali ndi nkhungu.

Ndikuti: "Zikomo pobwera. Chakudya chili kunyumba."

Ndakhala pansi. Mipando ya m'mbali mwanga yadzaza.

Nyama sinakwane.

Lamulungu

Kutchalitchi. Pakhomo aliyense dzanja, ena manja awiri. "Mwadzuka bwanji, bambo a aphunzitsi?" Ndadzuka bwino, kaya inu.

Mkulu wa mpingo walengeza kuti mwambo unayenda bwino ndipo achinyamata atengere chitsanzo kwa malemu. Potuluka wafunsa ngati mango akadalipo.

Mayi wina wandiimitsa panjira. Mwana wake akukonzekera mayeso a Sitandade 8, kodi malemu sanasiye mabuku a Chizungu? Ndati ndiyang'ana. Amayi a Kapito akuti phunziro lija ndi lofunika, tiwabwereke adzawaikire atsikana a chilangizo. Ndati khadi inawonongeka dzana pozula waya. Bodza loyamba langalanga. Dzulo ndinangobwereka la alamu.

Masana alamu abwera wapansi, njinga akukankha. Khadi aikulunga m'tsamba la nthochi, andipatsa ndi manja awiri. Akhala pakhonde, amwa tiyi, afunsa za mawondo anga. Akuti: "Mwaona, alamu? Dzina layera." Ndawathokoza. Akunena zoona, layera. Palibenso amene adzafunse za malata. Kungoti munthu amene mudzi ukumulemekezayu ine sindinamubereke. Wangayo ankatsanzira abusa.

Zotsala:

- mipando kubweza
- mgolo wopserera kukwecha
- sipika, Jamu adzatenga mawa
- dikishonale ya a Chikopa, abwere okha
- mbewu ya mpunga kuipeta, mitambo yayamba kusonkhana kuphiri

Amake Edina, titseke. Mawu omaliza akhale oongoka, chifukwa ana a ana athu adzawerenga. Lembani kuti mwana wathu Edina anali... dikirani, ndiganize kaye.

Akuti ndinene msanga, dzanja latopa ndipo nyemba zili pamoto.

Lembani kuti anali mphunzitsi.

Ayi. Fufutani.

Akuti bolopeni sifufutika. Basi, zikhale.